Makina a Charles Babbage adadikira zaka zoposa 140 kuti agwire ntchito

Mu November 1991, amisiri a ku Science Museum mumzinda wa London adapukusa chogwirira cha makina achitsulo ndi mkuwa, otalika kuposa munthu, ndipo mawilo ake a mano adayamba kuzungulira ndi kukankhana mwadongosolo. Atawaimitsa, yankho lidaoneka pa mawilowo, lopanda cholakwa. Makinawo, amene amatha kuwerengera nambala yaitali ya manambala 31 ondondozana, sadafune magetsi kapena batire. Munthu amene adawajambula, Charles Babbage, adali atagona m'manda zaka 120.

Masiku ano Babbage amatchedwa kholo la kompyuta, koma ambiri a m'nthawi yake ankamudziwa ngati mkulu wosachedwa kupsa mtima amene adamaliza ndalama za boma pa makina osatha. Kwa zaka zambiri olemba mbiri ankati ntchito yake idakanika chifukwa amisiri a nthawi imeneyo sakadatha kusula zitsulo mwaluso lofunikalo. Zimene zidachitika mu 1991 zidagwetsa maganizo amenewa. Zimene zidapha ntchitoyo ndi ndalama, mikangano, ndiponso khalidwe la mwini wake, amene ankati akatsala pang'ono kumaliza makina ena, mtima wake unkakhala utathamangira kale ku makina ena oposa oyambawo.

Babbage adabadwira ku London pa 26 December 1791. Bambo ake, Benjamin Babbage, adali munthu wachuma wogwira ntchito za banki, wochokera m'chigawo cha Devon. Ngakhale tsiku lake lobadwa silidapulumuke ku zolakwa za osindikiza zimene iye adalimbana nazo moyo wake wonse: atamwalira, nyuzipepala ya The Times idalemba kuti adabadwa mu December 1792, chonsecho kaundula wa tchalitchi amasonyeza kuti adabatizidwa pa 6 January 1792.

Mu October 1810 adalowa koleji ya Trinity pa yunivesite ya Cambridge, ndipo adakhumudwa kupeza kuti masamu a kumeneko adali otsalira poyerekeza ndi amene iye adali atawerenga yekha m'mabuku a ku Ulaya. Aphunzitsi adakakamirabe kalembedwe ka Isaac Newton, pamene maiko ena adali atatsata kale ka Gottfried Leibniz. Mu 1812 iye ndi anzake, John Herschel ndi George Peacock, adayambitsa bungwe la Analytical Society pofuna kusintha zimenezi. Mu 1814 adakwatira Georgiana Whitmore, bambo ake asakufuna, ndipo mu 1816 adalandiridwa m'bungwe la Royal Society ali ndi zaka 24 zokha.

Kuti munthu amvetse chimene chidamusowetsa tulo, ayenera kudziwa mmene masamu ankayendera kusanabwere makina. Woyendetsa sitima ya pamadzi, woyeza malo, katswiri wa nyenyezi ndi kalaliki wa inshuwalansi sankawerengera zonse okha. Ankatsegula mabuku odzaza ndi mayankho owerengeratu, tsamba lililonse mizere ya manambala yokhayokha. Mabukuwa ankakonzedwa ndi anthu olembedwa ganyu yowerengera pamanja, ndipo liwu la Chingerezi limene lero lasanduka kompyuta poyamba lidali dzina la anthu amenewa. Cholakwa chinkatha kulowa pa malo atatu: powerengera, pokopera, ndiponso pamene wosindikiza akutola zilembo zachitsulo chimodzichimodzi. Nambala yolakwika sioneka ndi maso ngati liwu lolembedwa molakwika. Herschel adaifanizira ndi mwala wobisika pansi pa madzi, umene palibe angadziwe kuchuluka kwa sitima zimene waswa.

Mu 1821 Babbage ndi Herschel adakhala pansi kufananiza mayankho a magulu awiri a owerengera, ndipo adapeza kusiyana kochuluka. Malinga ndi zimene Babbage adalemba yekha pambuyo pake, apa m'pamene adadandaula kuti kukadakhala bwino ntchito yotereyi ikadagwiridwa ndi mphamvu ya nthunzi. Adali atadziwa kale zimene Gaspard de Prony adachita ku France m'zaka za m'ma 1790. De Prony adagawa ntchito ya masamu ovuta m'tizigawo ting'onoting'ono, mpaka gulu lalikulu la antchito ake linkangophatikiza ndi kuchotsera basi. Babbage adaona kuti ntchito imene yaphweka chotere ingathe kuperekedwa kwa mawilo.

Nzeru yake idagona pa kusiyana kwa manambala. Mwachitsanzo, manambala 1, 2, 3, 4 ndi 5, iliyonse ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe, amapereka 1, 4, 9, 16 ndi 25. Kusiyana pakati pa mayankhowa ndi 3, 5, 7 ndi 9, ndipo kusiyana kumeneku kumakwera ndi 2 nthawi zonse. Choncho yankho lotsatira lipezeka popanda kuchulukitsa: 9 kuphatikiza 2 ndi 11, ndipo 25 kuphatikiza 11 ndi 36. Njira yomweyi imagwira ntchito pa masamu ovuta kwambiri a oyendetsa sitima, kungoti mizere ya kusiyana imachuluka. Makinawo adatchedwa Difference Engine chifukwa cha njira imeneyi. Wilo lililonse lidali ndi manambala kuyambira 0 mpaka 9, ndipo vuto lalikulu lidali pamene wilo ladutsa 9 n'kubwerera pa 0, pakuti liyenera kukankha linzake kuti liwonjezere 1. Kuwonjezera 1 pa 999,999 kumafuna kuti mawilo onse asunthe motsatizana popanda limodzi kukakamira. Babbage adatha zaka zambiri akusinkhasinkha kachinthu kameneka. Adafunanso kuti makinawo azisindikiza okha mayankho, kuti dzanja la munthu lisakhudzenso nambala.

Adaonetsa kachitsanzo kakang'ono mu 1822, ndipo mu 1823 boma la Britain lidamupatsa mapaundi 1,500 kuti ayambe. Pa mgwirizanowo padalibe cholembedwa chomveka bwino chonena za ndalama zonse zimene zidzafunike, ndiponso mwini wa makinawo akadzatha. Kusalongosola kumeneku kudadzabala mavuto aakulu. Babbage adalemba ntchito Joseph Clement, mmodzi mwa amisiri a zitsulo aluso kwambiri mu London. Makina athunthu adafuna zidutswa pafupifupi 25,000, zambiri zofanana ndendende, pa nthawi imene mafakitale adali asanazolowere kupanga zinthu zambiri zofanana. Clement adayenera kuyamba wapanga zida zopangira zidutswazo, ndipo adali wodula.

Chaka cha 1827 chidamuthyola Babbage. M'miyezi yowerengeka adataya bambo ake, mkazi wake Georgiana, ndi ana awiri. Adachoka m'dzikomo n'kukayendayenda ku Ulaya kwa chaka chathunthu, ntchito ataisiya m'manja mwa Herschel. Sadakwatirenso. Chuma cha mapaundi pafupifupi 100,000 chimene bambo ake adamusiyira chidamupatsa ufulu wochita zofuna zake, komanso chidachititsa kuti asamve kufunika kogonjera aliyense. Ali kunja komweko, mu 1828, adasankhidwa kukhala pulofesa wa masamu pa mpando umene kale adakhalapo Newton ku Cambridge. Adaugwira mpaka 1839 osaphunzitsa ngakhale kamodzi. Mu 1830 adatulutsa buku lodzudzula atsogoleri a Royal Society poyera, anthu omwewo amene boma linkawafunsa nzeru lisanatulutse ndalama zina za makina ake. Adapikisananso kawiri pa chisankho cha aphungu m'dera la Finsbury, mu 1832 ndi 1834, ndipo adagwa maulendo onse awiri.

Mu 1832 Clement adalumikiza chigawo chimodzi mwa zisanu ndi ziwiri za makinawo, cha zidutswa pafupifupi 2,000, ndipo chidagwira ntchito bwino lomwe. Chaka chotsatira awiriwo adayambana. Babbage adafuna kuti ntchito isamukire m'nyumba yosapsa ndi moto imene idamangidwa pafupi ndi kwake ku Dorset Street, ndipo Clement adaitanitsa ndalama zambiri zolipirira kusamukako. Atakanidwa, adachotsa antchito ake, ndipo mwa mwambo wa amisiri a nthawiyo zida zonse zimene adapanga ndi ndalama za boma zidakhala zake. Herschel, amene akadatha kuzimitsa motowo, adanyamuka chakumapeto kwa 1833 kupita ku Cape Town, kumene adakhala mpaka 1838 akuwerenga nyenyezi za kummwera. Pamene ntchito inkaima, boma lidali litaononga mapaundi oposa 17,000, ndalama zokwanira kugula mitu ya sitima za pamtunda yoposa 20 ku fakitale ya Robert Stephenson.

Munthu wina akadagwada n'kumaliza zimene adayamba. Babbage, atakhala wopanda amisiri ndi zida, adabwerera pa pepala, ndipo mu 1834 adatulukira chinthu chimene chidamuika m'mbiri. Difference Engine inkadziwa ntchito imodzi yokha. Makina atsopanowo, Analytical Engine, adayenera kugwira masamu a mtundu uliwonse malinga ndi malangizo amene apatsidwa. Adawagawa pawiri, ndipo mayina a zigawozo adawabwereka ku mafakitale a nsalu. M'Chichewa zingatchedwe nkhokwe ndi chigayo: nkhokwe yosungiramo manambala, ndi chigayo chimene manambalawo amapitako kukaphatikizidwa, kuchotseredwa, kuchulukitsidwa kapena kugawidwa, kenako n'kubwerera kunkhokwe. Kompyuta ya pa ofesi ndi foni ya m'manja zili ndi magawo awiri omwewa, memori ndi pulosesa.

Malangizo adayenera kulowa kudzera m'makadi obowola, nzeru imene adaitenga ku makina owombera nsalu a Joseph Marie Jacquard wa ku France. M'nyumba mwake Babbage adapachika chithunzi cha Jacquard chowombedwa ndi ulusi wa silika pogwiritsa ntchito makadi 24,000, ndipo alendo ankachiyesa chosindikizidwa. Makinawo akadatha kubwereza malangizo kangapo, ndiponso kusankha njira potengera yankho limene apeza: yankho likatsika kupitirira 0 achite chakuti, likapanda kutero apitirize. Apa m'pamene pali malire pakati pa chowerengera wamba ndi kompyuta, ndipo Babbage adawadutsa anthu akuunikirabe makandulo ndi nyale za gasi.

Koma adalakwitsa kwambiri pa kayendetsedwe ka nkhaniyo. Chakumapeto kwa 1834 adauza boma kuti watulukira makina oposa amene bomalo lidali litalipira kale. Kwa iye uku kudali kunena zoona. Kwa nduna za boma kudali ngati mmisiri amene watha ndalama zonse nyumba ili pa mawindo, n'kubwera kudzanena kuti walota pulani ya nyumba ina yabwino koposa. Boma lidakhala zaka zisanu ndi zitatu osapereka yankho. Mu 1842 nduna ya zachuma, Henry Goulburn, idafunsa George Biddell Airy, mkulu wa akatswiri a nyenyezi a boma, ndipo Airy adati makinawo adali opanda phindu. Nduna yaikulu Robert Peel adali atafunsa kale mnzake wina m'kalata njira yochotsera Babbage ndi makina ake pamaso pa boma. Mu November chaka chomwecho ntchitoyo idathetsedwa. Babbage adakakumana ndi Peel, koma m'malo mopempha adakhuthula madandaulo ake onse, natuluka ali wokwiya. Zambiri mwa zidutswa zimene Clement adasula mwaluso zidadzasungunulidwa ngati zitsulo zotha ntchito.

Mmodzi mwa anthu ochepa amene adamvetsa zimene zidali pa mapepalawo adali Ada, mwana wa mlakatuli Lord Byron, amene adadzadziwika ndi dzina la Ada Lovelace. Adakumana ndi Babbage mu June 1833 ali ndi zaka 17, ndipo adaona chigawo chija cha Difference Engine chikugwira ntchito m'nyumba mwake. Mu 1840 Babbage adakafotokoza za Analytical Engine ku Turin, ndipo Luigi Menabrea, amene pambuyo pake adadzakhala nduna yaikulu ya Italy, adalemba lipoti lake m'Chifalansa mu 1842. Lovelace adalimasulira mu 1843 n'kuwonjezerapo ndemanga zake, zotalika kuposa lipotilo kawiri ndi kupitirira. M'menemo muli ndondomeko yowerengera manambala otchedwa a Bernoulli, imene ambiri amaitcha pulogalamu ya kompyuta yoyamba kusindikizidwa, ngakhale kuti Babbage adali atalemba kale ndondomeko zina zosasindikizidwa. Chachikulu n'chakuti Lovelace adaona kuti manambala angathe kuimira zinthu zina, monga mawu a nyimbo, kotero kuti makinawo sangathere pa masamu. Adanenanso za malire ake: sangayambitse kanthu paokha, amangochita zimene anthu akudziwa kuwalamula. Alan Turing adabwereranso ku mfundo imeneyi mu 1950 n'kuitsutsa, ndipo mkanganowo udakalipo. Lovelace adamwalira mu 1852 ali ndi zaka 36.

Babbage naye ankadziwa malire a makina ake kuposa omufunsa. M'buku la mbiri ya moyo wake la mu 1864 adasimba kuti kawiri konse akuluakulu a ku nyumba ya malamulo adamufunsa ngati makinawo angatulutse yankho lolondola munthu ataikamo manambala olakwika. Iye adati adalephera kumvetsa chisokonezo cha m'mutu chimene chingabale funso lotere.

Pakati pa 1847 ndi 1849 adajambula Difference Engine yachiwiri, pogwiritsa ntchito zimene adaphunzira pa Analytical Engine. Idafuna zidutswa 8,000 zokha, pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a yoyamba ija, koma idali yamphamvu kuposa iyo. Mu 1852 mapulaniwo adaperekedwa ku boma, ndipo boma, litapsa kale, lidakana.

Chodabwitsa n'chakuti bomalo lidagulabe makina otere, koma kwa anthu ena. Georg Scheutz, wosindikiza mabuku wa ku Sweden, adawerenga za ntchito ya Babbage m'magazini ya Edinburgh Review ya mu 1834, ndipo iye ndi mwana wake Edvard adapanga makina awoawo, aang'ono ndi osavuta. Adamaliza makina athunthu mu 1853, ndipo adapata mendulo ya golide pa chionetsero cha ku Paris mu 1855. Babbage, amene ambiri ankayembekezera kuti achita nsanje, adawayamikira ndi kuwathandiza. Makina amenewa adagulidwa ndi Dudley Observatory ya ku Albany m'dziko la America, ndipo ofesi ya kalembera ya ku London idapangitsa ena ofanana nawo mu 1859 pa mtengo wa mapaundi 1,200. William Farr adawagwiritsa ntchito pokonza gawo la buku la chiwerengero cha zaka zimene anthu amakhala ndi moyo, lotuluka mu 1864. Makinawo ankakakamira kawirikawiri ndipo ankafuna munthu wowayang'anira nthawi zonse, kotero kuti ndalama zimene adapulumutsa zidali zochepa. A Scheutz sadalemere nawo. Apa payenera kunenedwa chilungamo: Airy, amene mbiri imamuweruza mouma, sadalakwe kotheratu. Funso lake silidali lakuti makinawo ndi odabwitsa kapena ayi, koma ngati ntchito imene ilipo ikufunadi makina a mtengo wotero, pamene owerengera pamanja adali ambiri ndi otchipa.

Nzeru za Babbage zidamwazikira kwina kochuluka. Buku lake la mu 1832 lonena za makina ndi mafakitale lidawerengedwa ndi John Stuart Mill ndi Karl Marx. Adayeza kayendedwe ka sitima pa njanji ya Great Western, ndipo cha m'ma 1854 adathyola njira yobisira mauthenga yotchedwa Vigenère, imene kwa zaka mazana atatu inkaoneka yosatheka kuithyola. Sadasindikize zimene adapezazo, ndipo ulemu udapita kwa Friedrich Kasiski amene adafalitsa njira yake mu 1863. Anthu wamba a mu London ankamudziwa chifukwa cha nkhondo yake ndi oimba a m'misewu, amene ankati amamusokoneza pa ntchito. Adawatengera ku polisi ndi ku makhoti kambirimbiri, ndipo lamulo lochepetsa nyimbo za m'misewu lidakhazikitsidwa mu 1864. Anansi ake adabwezera polipira oimba kuti aziimba pawindo pake penipeni, ndipo ana ankamulondola m'misewu akumukuwiza.

Adamwalira kwawo ku Dorset Street pa 18 October 1871 ali ndi zaka 79, ndipo adaikidwa m'manda a Kensal Green pamaso pa anthu ochepa. Mwa ana ake asanu ndi atatu, atatu okha ndiwo adatsala. Mu 1878 komiti ya bungwe la British Association idayamikira Analytical Engine koma idalangiza kuti isapangidwe, poopa mtengo wake. Mwana wake Henry adalumikiza gawo la chigayo chija, ndipo lidatha mu 1910. Kachidutswa kena ka Difference Engine kadafika ku yunivesite ya Harvard, kumene Howard Aiken adakaona m'zaka za m'ma 1930 asanapange makina a Harvard Mark I a mu 1944. Komabe sizoona kuti makompyuta a lero adachokera mwachindunji m'mapulani a Babbage. Akatswiri a m'ma 1940 adatulukiranso okha zambiri mwa nzeru zomwezo, mapepala ake ali chigonere m'makabati. Adayamba kuwerengedwa mozama pamene Allan Bromley wa ku yunivesite ya Sydney adawafufuza kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970.

Bromley ndiye adalimbikitsa Science Museum kuti ipange Difference Engine yachiwiri ija, ndipo ntchitoyo idatsogoleredwa ndi Doron Swade, wobadwira ku South Africa. Adadziikira lamulo lakuti chidutswa chilichonse chisaposere luso limene Clement adafikapo, ndipo adalidziwa poyeza zidutswa zake zotsala. M'mapulaniwo adapezamo zolakwa zingapo zimene zidakonzedwa popanda kusintha nzeru ya mwini wake. Gawo lowerengera, la zidutswa 4,000, lidatha mu 1991, patatsala pang'ono kuti zikwane zaka 200 chibadwire Babbage. Analytical Engine yokha sinapangidwe mpaka lero.

Gawo losindikiza lidamalizidwa mu 2002, ndipo makina onse pamodzi amalemera matani asanu. Munthu akapukusa chogwirira, yankho limalembedwa ndi inki pa pepala, ndipo nthawi yomweyo limadindidwa pa chinthu chofewa chimene pambuyo pake amathirapo chitsulo chosungunula kuti chikhale mbale yosindikizira buku. Woyendetsa makinawo angathe kusankha kuchuluka kwa mizere pa tsamba, kukula kwa mpata pakati pake, ndi malo osiya opanda kanthu kuti maso a wowerenga apume.